Bakha wa ku Rasha pa Chiringa

Lolemba, 6 Ogasiti 1956

A Bwanali a galimoto ya kanema afika pa Chiringa. Abwera kwathu kudzafuna amuna anga, a Tobias. Ali ndi kanema wa zithunzi zojambula pamanja, anabwereka kwa dokotala wina wokalamba wa ku esiteti ya tiyi, wobadwira ku Rasha. Mawu ake ndi Chirasha chokhachokha, ndiye akufuna wofotokozera anthu nkhani yake m'chilankhulo chathu. A T. akana. Chimwalirireni mwana wathu Eveles chaka chatha sanapekenso nyimbo ya ana. Kusukulu akungophunzitsa masamu basi.

Lachiwiri, 7

A Bwanali abweranso, munthu wosatopa. Afotokoza zimene anamva kwa dokotala. Nkhaniyo akuti ndi ndakatulo ya bambo wina wa ku Rasha komweko, wokulira mu umphawi. Mwana wake atadwala, ankamupekera mawu atsopano m'mawa uliwonse kuti avomere kumwa mankhwala. Anzake ophunzira ankamuseka, ati munthu wandevu kumasewera ndi abakha. Iye osaleka.

A T. afunsa chimodzi chokha: "Nanga mwanayo anachira?"

A Bwanali angopukusa mutu.

Lachinayi, 9

A T. ndi a Bwanali akaonera kanemayo awiriwiri m'kalasi, mazenera atatchinga ndi mabulangete. Masana ndawamva a T. kuseri kwa nkhokwe akung'ung'udza, akumenya ntchafu.

Loweruka, 11

Bwalo la sukulu tho, ena ochokera ku Chiwalo pa njinga. M'kanemamo bakha wovala nsapato zazikulu, wasochera, akuterereka pamadzi ouma gwa ngati mwala. Akagwa amadzuka n'kupepesa madziwo!

A T. anayamba kufotokoza, injini ya kanema n'kuwameza mawu. Ndinaopa kuti akhala pansi. Bakha atagwanso ndi pomwe a T. anayamba kuimba, mwina Chinyanja mwina Chilomwe, ana akuvomera ngati anaiphunzira kale. Amayi a Bertha, oyandikana nafe, anaseka mpaka kudzutsa mwana kumsana.

Ine mtima unali kwa bambo wa ku Rasha uja. Dzina lake lilime langa likukana. Koma munthu woika mwana m'manda n'kusiyira ana a eni chiseko chotere, ndamugwadira.

Lamulungu, 12

Pochokera ku tchalitchi ana a kalasi yoyamba, Sabu A, atitsatira mpaka pakhomo. Akufuna kudziwa ngati bakha anakafika kwawo. A T. ati kanema anathera pomwepo, iwo sadziwa. Ana osasuntha.

A T. awayang'ana nthawi yaitali, kenaka avula jekete n'kukhala pakhonde.

"Rozaria, tawayalirani mphasa. Anakafika, koma njira yake inali yaitali."