Bwanji Tinenenji Sakupitanso ku Sikelo?

Kitwe,
9 Ogasiti 1996

Okondedwa akulu anga a Petronella,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Simeoni ndi ana. Mwendo wa amayi uli bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti bambo ake a Levy sakuona tulo chifukwa ku mgodi akuchotsa anthu ntchito. Levy wayamba kukwawa, ndipo chilichonse chimene watola n'cha m'kamwa.

Kalata yanu ndinalandira. Za mtedza ndi thonje munadzaza tsamba lonse, koma za mwana wanga Tinenenji, amene ndinakusiyirani ndili ndi pakati pa Levy, munangoti ali bwino, akudya. Akulu anga, nayo mbuzi imadya.

Sabata yatha kunabwera Manase, mwana wa a Lonia, kudzafuna ntchito. Ndiye wandiuza kuti chithereni mvula simunapitenso ndi mwana ku sikelo ku boma. Inu munalemba kuti njinga inathyoka. Iye akuti njinga yomweyo anakumana nayo itasenza thonje, alamu akupalasa uku akuimba mluzu. Nditamupanikiza anati kwathu ku Zemba anthu akuopa timabuku ta zithunzi timene anesi akupereka ku sikelo. Ati n'ta Satana, mwana akaloza chithunzi ndiye kuti walembedwa.

Timabukuto ndikutidziwa, kunonso tinafika. Nanenso poyamba ndinakayika. Munthu wopanda mano n'kumupatsa buku, laulerenso, akufunanji? Kathu ndinakabisa pamwamba pa kabati mpaka nditakaonetsa kwa akatekisiti. Muli nkhuku, ng'ombe, mpira ndi mayi akutunga madzi, basi. Anesi amati tizimukhazika mwana pamiyendo n'kumamutchulira zinthuzo, kuti khutu lizolowere mawu asanafike pa msinkhu wa sukulu. Levy watafuna kale ngodya imodzi, ndipo Satana sitinamuone.

Tsono inuyo, amene mumaseka anthu oopa kadzidzi, lero mwayamba kuopa chithunzi cha nkhuku? Izi kauzeni ena, osati ine amene tinkafunda bulangete limodzi.

Manase anatulutsa china, kenaka n'kudzigwira pakamwa. Akuti mkazi wake anali pamzere tsiku lomaliza limene munapitako. Anesi anatsegula buku n'kuuza ana kuti aloze ng'ombe. Anzake ankalimbirana kuloza, Tinenenji ankangoyang'ana pakamwa pa anesi. Akuti anamuunika m'makutu ndi tochi, n'kukuuzani kuti mubwerenso naye kuti adokotala amuone. Inu munabereka mwana n'kutuluka, osabwererakonso.

Pamenepo ndinakumbuka kuti nthawi ya mvula munandilembera kuti m'khutu mwake mukutuluka mafinya. Nkhani imeneyo inangozimirira, sindinamve kuti zinatha bwanji. Mwana wa zaka zitatu amayenera kukhala akukusokosani ndi mafunso, koma m'makalata anu onse mulibe liwu ngakhale limodzi limene iye ananena.

Ndakwiya, akulu anga, komanso ndili ndi mantha. Ngati mukuopa kuti ndidzati simunandisamalire mwana, chotsani maganizo amenewo. Munamulandira akulirira bere, n'kumulera ngati wanu, ndipo sindidzaiwala. Koma musandibisire. Anesi a kuno ndawafunsa. Akuti matenda ambiri a m'khutu amachizika akapezeka msanga, kuchedwa ndiye kumagonthetsa mwana mpaka kalekale.

Pempho langa ndi limodzi. Mwezi uno usathe, bwererani naye ku sikelo, khadi ndi kabuku komweko m'manja. Akakutumizani ku chipatala ku Chipata, musadikire kuti thonje ligulidwe. Nditumizireni uthenga, ndidzakwera basi Levy ali kumsana, tikapezane komweko.

Moni kwa amayi, kwa amalume a Agostino, kwa alamu, ndi kwa ana anu Wadson ndi Juliana. Tinenenji mumupatse moni wanga payekha. Muime kumbuyo kwake, asakuoneni pakamwa, mumuitane dzina n'kumuuza kuti amake akumulonjera. Akatembenuka mundiuze. Akapanda kutembenuka mundiuzenso, chifukwa ndine mayi wake.

Ndine mng'ono wanu,
Lefina