Makope a Bambo Aja Tinawakwirira

Dowa, 11 Juni 2024

Mlongo wanga Moffat,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Durban, iwe, mlamu Rakele ndi ana. Kuno tilipo. Amayi akudya bwino, maso okha ndiwo akunka nachita mdima. Chimanga takolola, chochepa.

Uwerenge mpaka kumapeto usanandiimbire, ndimakudziwa.

Ukukumbukira makope asanu aja m'mene bambo ankalembamo nyimbo zawo za kwaya ya ku Dzoole. Atamwalira, amayi anati alowe m'bokosi pamodzi ndi jekete lawo. Iwe unakana. Ine ndinakutsimikizira kuti ndajambula tsamba lililonse, zonse zili mu laputopu ya pa shopu yanga yotayipira makalata. Unagonja, tinawakwirira.

Pulogalamu yowerengera ma PDF imene unandiikira ija yakhala ikupempha apudeti. Ine poumira bandulo ndinkangodina poti nthawi ina. Zaka ziwiri zathunthu.

Lachiwiri la sabata yatha kunabwera imelo yooneka ngati ya ku mpingo, ili ndi PDF ya ndondomeko ya msonkhano wa amayi a Chigwirizano. Ndinatsegula, tsamba linali loyera. Pofika masana mafayilo anga onse anali atasintha mayina, osatsegukanso.

Laputopuyo ndinapita nayo kwa a Agustino, okonza makompyuta ku Dzaleka. Anati pulogalamu ikakalamba imakhala ndi mabowo amene mbava zimawadziwa. Zimabisa malamulo azo owononga kompyuta m'kati mwa chikalata chooneka bwinobwino, ndipo kutsegula kokhako n'kokwanira. Apudeti ndinkakana ija ndiyo inali chigamba chake.

Atalephera kutsegula mafayilo aja, anafufuta zonse, anaika pulogalamu yatsopano yodzikonza yokha, anazimitsa chinthu chotchedwa JavaScript chimene mbavazo zimalowerapo, ndi kuyatsa chitetezo choti fayilo yachilendo izitsegukira mu mpanda wakewake. Anati chikalata chimene sindikuchiyembekezera ndiziyamba ndamuimbira mwini wake. Kenako anafunsa ngati ndinasungako kwina. Fulashi ndinali nayo, koma inkakhala chibayire pa laputopu yomweyo, nayonso inatsekeka. Iwo sanandidzudzule, anangondibwezera m'manja.

Amayi sindinawauze. Ukudziwa kuti Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndimawawerengera nyimbo imodzi ya bambo. Dzana ndinatsegula laputopu ili mbee, ndi kunena nyimbo ya pa maliro a agogo kuchokera m'mutu. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndime yachitatu walumpha," anatero. "Pamenepo bambo ako analemba za nkhungu ya ku Ntchisi. Tawerenganso bwino."

Ndinawauza kuti batire yatha. Ndinachita manyazi, ndipo ndikuchitabe.

Pempho langa ndi ili. Pa nthawi ya maliro a bambo ndinakutumizira masamba angapo pa WhatsApp pofuna kukutseka pakamwa. Ufufuze mu foni yako yakale ija ngati sunagulitse, ufunsenso mlamu. Olo tsamba limodzi. Zokalipa udzakalipa pambuyo, ndidzamvetsera.

Undiperekere moni kwa mlamu, kwa Elisha ndi kwa kamwana kaja sindinakaone. Mulungu akusungeni kumeneko.

Amayi akupereka moni. Ati Lamlungu likubwerali ndidzabwere nditatchaja.

Ndine mlongo wako,
Luckness