Ndinakana kuti achepetse vidiyo ya malemu mkazi wanga

Aphungu,

Akundilembera kalatayi ndi mnzanga wokonza nsapato, poti ine m'kalasi sindinapondemo. Musandiderere: ndasoka masuti zaka makumi anayi, ndipo aphunzitsi ambiri aima pabolodi atavala za m'manja mwanga.

Mkazi wanga anatisiya chaka chatha. Mawu ake anatsala pa vidiyo imodzi yokha, imene mkamwini wanga anajambula m'shopu mwanga. Mayiyo akusita malaya uku akuimba, kenako akundikalipira kuti ndikusaka sizasi yomwe ndaikhalira.

Ana anga atatu amakhala kutali. Mkamwini anaika kompyuta yakale pansi pa tebulo lodulira nsalu, nati vidiyoyo izikhala mmenemo, anawo aziionera pa intaneti kulikonse ali. Apo tinamvana. Tinasemphana pamene ananena kuti vidiyoyo ndi yolemera, netiweki yanga siinyamula, ndiye aichepetse kaye. Ndinamuyankha kuti, "Akamwini, nsalu ukadula sibwerera. Apongozi anu simuwachepetsa ine ndili moyo." Anayesa kufotokoza, ine ndinaponda makina kuti phokoso limumize.

Nzeru zanga sizinathere pomwepo. Nditaona fumbi la ulusi, kompyutayo ndinaisokera jekete la nsalu yokhuthala, la zipi, lothina bwino. Aliyense wobwera m'shopu ndinkamuonetsa.

Tsiku lokumbukira imfa yake tinapangana kuti tonse tionere nthawi imodzi. Aphungu, mkazi wanga anaima chiyasamire pakati pa nyimbo, kamkombero kakungozungulira pamphuno pake. Posakhalitsa kompyuta inatentha ngati simbi n'kuzima m'jekete lake lokongolalo. Mwana wanga wamkazi, mzime, anaimba foni akulira. Anangoti, "Ababa, amayi si anu nokha." Kuchokera tsikulo sayankha foni yanga.

Wolembayu akuseka, ndamuuza alembe zokhazo ndanena. Ndikufuna mwana wanga andilankhule, koma ndikuopa kuduliridwa mkazi, komanso khosi langa silinazolowere kuweramira mkamwini. Nditani?

D.K.M., kuseri kwa msika

Atelala,

Mantha anu ndi a chikondi, koma mwayeza ndi tepi yolakwika. Kasitomala akabweretsa diresi lalikulu kuti musoke laling'ono lofanana nalo, kodi mumadula lalikululo? Mumangotengera. Mkamwini wanu akufuna kuchita zomwezo: kupanga vidiyo yachiwiri yopepuka, yotha kudutsa pa netiweki yanu. Yoyambayo ikhala mmene ilili, osachotsapo ndi kaulusi komwe.

Muitaneni sabata ino. Asanagwire chilichonse, akopere vidiyo yoyambayo pa mafulashi awiri. Imodzi muike m'dirowa, ina ikasungidwe kwa mmodzi wa ana anu. Akapanga yopepukayo, muonere zonse ziwiri inu muli pompo. Ngati nkhope yachita mbuu kapena mawu asintha, mubwezereni akonze, monga kasitomala amakubwezerani kolala yopindika. Ndiye kuti simukuwerama, mukuyang'anira ntchito. Aikenso mawu achinsinsi kuti azionera ndi apabanja okha.

Jekete livuleni lero. Kompyuta imafuna mpweya. Ichotseni pansi pa tebulo, muike pashelefu, fumbi muzilipukuta.

Za mwana wanu, musadikire foni. Mutumizireni uthenga wa mawu anu omwe, osati kudzera mwa wokonza nsapato. Muuzeni kuti munalakwa, ndipo asankhe yekha tsiku loti muonerenso pamodzi. Khosi silithyoka ndi mawu opepesa.

Chenjezo langa ndi ili: chimene chingakulandeni mkazi wanu si kuchepetsa. Ndi kusunga mawu ake m'makina amodzi okalamba, amene munatsala pang'ono kuwaphika. Fulumirani, kuti mayiyo amalize nyimbo yake, akukalipireni za sizasi ana onse akumva.