Ndinaseka Kanema, Apongozi Asiya Kudya Zophika Ine

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Mualadzi, koma nkhondo inatisamutsa. Pano tili ku Cassacatiza, pafupi ndi malire, m'kanyumba kamodzi: ine, ana, ndi apongozi anga a Laurinda. Amuna anga a Severino anagwidwa ndi zigawenga za matsanga mu 1987 akuchokera kumunda. Mpaka lero sitinamve ngati ali moyo. Maliro sitinalire, chifukwa palibe anaona mtembo.

Kuti mumvetse vuto langa, ndikuuzeni kaye za bambo ameneyu. Titangokwatirana ankagwira ntchito ya utelala ku Lusaka, pakhonde la loja ina, kapena kuti sitolo. M'lojamo munali televizawu, ndipo sabata iliyonse inkaonetsa sewero loseketsa la azungu. Munali bambo wina wonenepa, waumbombo, ndi mlamu wake wowonda amene anabwera kudzacheza n'kukana kubwerera kwawo. Ife ku Mualadzi televizawu tinkangoyimva. Koma a Severino akabwera kudzalima, Lamulungu Misa ikatha, anthu sankabalalika. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi n'kumati, "Severino, tayamba!"

Iwo ankatenga kapulana yanga, nsalu yomanga m'chiuno ija, kuipindapinda, kuilowetsa m'malaya, basi asanduka wonenepa uja. Akaichotsa, asanduka mlamu. Azunguwo ankawalankhulitsa Chichewa cha kwathu, mpaka kumakangana za nkhuku ndi mbewu ya chimanga. Chimene tinkachikonda kwambiri ndi pamene mlamu uja anaba nkhuku n'kuibisa m'chipewa, kenako nkhukuyo n'kulira ali pa tebulo. A katekista tsiku lina anagwa pa mpando ndi kuseka. Apongozi anga ankapukusa mutu n'kumati, "Mwana uyu sadzakula," koma pakamwa atatseka ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Masiku amenewo tinalibe sopo, mchere unkasowa, koma tinkabwerera kunyumba nthiti zikuwawa.

Mwezi watha bambo wina wamalonda, a Silasi, anabwera ndi vidiyo ndi injini yake ya magetsi kuchokera ku Zambia. Anaziika m'nyumba yakale yosungiramo chimanga, mazenera anatseka ndi masaka, n'kulengeza kuti Lamulungu masana kuli kanema. Ine sindinkafuna. Anandikoka ndi mnzanga Marta, akuti, "Tiye ukapumitse mutu, wauma ngati phesi."

Aphungu, chithunzi chitangooneka mtima wanga unadumpha. Anali anthu awiri aja. Sindinawaonepo chibadwire, koma ndinawadziwa ngati abale: kayendedwe ka wonenepayo, ndi momwe wowondayo ankakandira khutu asananame. A Silasi anati sewero lakale lija analipanga kanema wamtali.

Anthu anamulandira mosiyana. Achinyamata ankaseka chilichonse, ngakhale Chingelezi sankachimva. Asilikali awiri amene anaima kumbuyo anatsamira khoma, misozi ili mbwe. Koma amene anakhalapo ku Zambia ankang'ung'udza. Wina anati, "Aa, akalamba anthu awa. Sewero lija ndiye linali sewero, izi ndi makombo." Pakati pa kanemayo tayala la galimoto linaphulika, phuu! Theka la anthu tinagona chafufumimba. Mkulu wina anatulukira pazenera, saka lili kumutu. Titazindikira kuti ndi za m'kanema, tinadzuka tikusasa fumbi, kusekana mwamanyazi. Mayi mmodzi anabereka mwana wake n'kutuluka, sanabwerenso.

Ine ndinkaseka anzanga asanayambe, chifukwa wowondayo akangogwira khutu ndinkadziwa chikubwera. Ndinadikira nkhuku ya m'chipewa ija mpaka kanema anatha, osaiona. Potuluka ndinafunsa a Kalekeni, mkulu amene anakhala zaka zambiri ku Lusaka. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nkhuku? Ayi mayi, sewero limenelo ndinaliona lonse. Munalibemo nkhuku."

Pamenepo ndinazindikira kuti nkhuku ija anaipeka okha a Severino. Zaka zonse zija tinkaseka za m'mutu mwawo, ife tikuti n'za azungu. Ndinaima pamsewu n'kuseka mokweza, kuseka kosaletseka, misozi ikutsika. Alamu anga a Hezekiya, ang'ono awo a amuna anga, anandiona, ndipo anakafika kunyumba ine ndisanafike.

Apongozi anandilandira ndi mawu awa: "Mwana wanga ali m'tchire, sitikudziwa ngati wadya, iwe ukuonetsa mano pagulu?" Kuyambira tsiku limenelo sandilankhula. Chakudya chophika ine amachikankhira kumbali. Akapanda kudya kwa a Hezekiya, agona ndi njala, ndipo ayamba kuwonda. Amayi ena kutchalitchi akunong'ona kuti mwina ndapeza wina. A Hezekiya akuti awatenga amayi awo apite nawo kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Mayi ameneyu tinathawa naye limodzi, ndinamubereka kumsana powoloka mtsinje. Sindikufuna achoke atandikwiyira.

Kodi ndinalakwa? Komanso a Silasi akuti aonetsanso kanemayo asanapite. Mtima wanga ukufuna ndikapite ndi mwana wanga woyamba, Celina, amene akuti mawu a bambo ake ayamba kumuthawa. Ndithandizeni.

F.K., Cassacatiza

Mayi F.K.,

Simunalakwe. Ndayamba ndi pamenepo kuti mupume. Mkazi woiwala mwamuna wake sakhala m'nyumba yotentha akudikira nkhuku ya m'chipewa. Munaseka chifukwa munakumana ndi amuna anu pamalo pamene simunawayembekezere.

Koma apongozi anu sanali nanu m'nyumbamo. Iwo anangomva kuti mkamwana wawo akuseka pamsewu. Mayi amene mwana wake anasowa amagwira chisoni ngati chingwe: amaopa kuti akachitaya, mwanayo wapita. Kuseka kwanu kunawamvekera ngati mwayamba kufotsera manda. Ndiye musapite kwa iwo kukawina mlandu. Mukawina, mudzadya nokha.

Sankhani nthawi imene a Hezekiya palibe. Khalani pansi pafupi nawo, munene kuti mawu awo munawamva ndipo zikukuwawani kuti munawapweteka. Kenako afotokozereni zonse monga mwandifotokozera ine, makamaka zimene ananena a Kalekeni. Nkhani imeneyo ndi yawo kuposa yanu, poti mutu umene unapeka nkhukuyo anaubala ndi iwo. Akapanda kuyankha, musaumirize. Mawa lake afunseni kuti a Severino ali mwana ankaseketsa bwanji anthu. Ndi amayi ochepa amene angakane funso lotere.

Za chakudya zokha musazengereze, chifukwa munthu wamkulu njala imamugwetsa msanga. Phikani inu, koma mbale akapereke ndi Celina. Zikakanika, pemphani mayi wamsinkhu wawo amene amapemphera naye kuti azibwera kudzadya nawo limodzi.

A Hezekiya musakangane nawo pabwalo. Nawonso anataya mkulu wawo, ndipo mwamuna wosowa chochita mkwiyo wake umagwera amene ali pafupi. Apatseni chochita. Pemphani a katekista akukhazikeni pamodzi, mugwirizane zokapereka dzina la a Severino kwa a Cruz Vermelha, amene amathandiza kufufuza anthu osowa. Sindikulonjeza kuti adzapezeka. Koma banja likamafufuza limodzi, nkhani yoti wina waiwala imafa yokha. Za ku Zambia asankhe ndi apongozi anuwo, mitima itazizira. Ngati kumeneko kuli chitetezo choposa kumene muli, musawatsekereze chifukwa chofuna kuti akukhululukireni kaye. Amayi onong'ona aja asiyeni, adzatopa.

Kanemayo kapiteni naye Celina, koma osati mozemba. Auzeni apongozi musanapite, ndipo muwaitane. Akavomera, achenjezeni za tayala lija. Akakana, ndi ufulu wawo. Ndipo musadabwe mwanayo akapanda kuona zimene munaona inu. Iye adzaona azungu awiri okalamba. Bambo ake adzawamva bwino kwa inu, mukatenga kapulana n'kumuonetsa momwe ankachitira, ngakhale muphonye mawu.

Tsono chenjezo langa. Masiku ano anthu ambiri m'nyumba imodzi ya khomo limodzi si zamasewera. Khalani pafupi ndi khomo, ndipo kukamveka mphekesera zachilendo m'deralo, musapite n'komwe. China: ana akaseka za bambo awo, funso lotsatira lidzakhala lakuti, "Abwera liti?" Musawanamize kuti ali m'njira, musawauzenso kuti anamwalira. Auzeni zoona, kuti simukudziwa, ndipo kuti kudikirako mudikira nawo limodzi.

Aphungu