Minofu ikukwera phiri, kwathu kukutsala mafupa

Aphungu,

Ndiyambe ndi ana anga, kuti mudziwe kuti amene akukulemberani si munthu wolephera. Woyamba ndi Munira, namwino, ndipo ndi iyeyu akundilembera kalatayi poti ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Ndamuuza kuti alembe zimene ndikunena, asachotse, asakometse. Wachiwiri ndi Umar, mphunzitsi wa sekondale ku Mangochi, anamanga kale nyumba yake. Wachitatu ndi Nadia, anaphunzira za malamulo, ali ku Lilongwe. Wotsiriza ndi Shafik, ali ndi digiri ya zamalonda. Onsewa fizi yawo inachokera pa chikwanje ndi chipika. Ine ndine wa butchala, ndadula nyama ku Chinamwali kuno zaka makumi anayi ndi chimodzi. Munira akuti pansi tingoika zilembo za dzina monga amachitira ena. Aike, koma mu Zomba muno alipo ochepa amene sanadyepo nyama ya Che Saiti.

Nkhani yanga ndi ya Shafik.

Mumvetse kaye mmene ndinkagwirira ntchito. Ng'ombe ndikaizinga n'kuipachika, yonse inali ya mtengo umodzi. Munthu akati kilo, ndinkadula pang'ono kuntchafu, pang'ono kunthiti, fupa la msuzi, kamafuta, n'kuika pasikelo. Imeneyo timati mikisi. Bwana wa ku ofesi ndi mayi wogulitsa makala ankadya ng'ombe imodzimodzi. Ndinkadziwa amene mano anatha, ndinkamufunira pofewa. Ndinkadziwa amene ali ndi ana asanu ndi awiri, theka la kilo ndinkalidula tinthuli tambiri kuti m'nyumba musakhale kulira. Zimenezi palibe anandiphunzitsa m'kalasi.

Zaka ziwiri zapitazo mawondo anandikana, kunyamula mwendo wa ng'ombe sindithanso. Ndinamuitana Shafik n'kumupatsa butchala. Iye yemwe anandipempha kuti dzina langa likhalebe pachikwangwani, ati anthu amabwerera dzinalo. Ndinasangalala. Anaika matayilosi, mafiliji awiri ndi makina ochekera mafupa. Chipika changa anachigubuduzira kuseri. Mumtima ndinati mwana waphunzira, achite zake.

Kenaka anayamba kuigawa ng'ombe m'mayina. Iyi fileti, iyi siteki, mayina ena lilime langa silitha. Zofewa zonse amazikulunga m'mapulasitiki, Lachinayi lililonse zimakwera galimoto kupita kumalo ogona alendo a pamwamba pa phiri. Pakauntala pamatsala khosi, nthiti ndi miyendo ya m'munsi. Zimenezo ndiye akuzitchula mikisi, ndipo mtengo wake sanatsitse.

Tsiku lina ndili pabenchi panja pa butchala, anabwera mayi Zuhura. Amenewa anayamba kugula kwa ine ali ndi mimba ya mwana woyamba, lero ali ndi zidzukulu. Sanalowe m'kati kukadandaula kwa Shafik. Anaima pamaso panga, n'kumasula jumbo, n'kunena kuti, "Che Saiti, taonani kilo yanu. Kodi munamva kuti kwathu taweta galu?" Anyamata a kabaza amene amaima pamenepo anaseka. Ine ndinayang'ana m'jumbomo. Aphungu, munali mafupa ovala malaya. Mayiwo anati, "Mwana wanu sindimudziwa. Ine ndimawerenga dzina lili pamwambapo."

Madzulo ake ndinamufunsa Shafik. Anati, "Ababa, ng'ombe ya masiku ano si ya nthawi yanu. Ndikaigulitsa yonse mtengo umodzi, ngakhale ya galimoto yoitenga ku Chikwawa siituluka. Magetsi a mafilijiwa akulipira ndi a kuphiri." Ine ndinati, "Nanga fizi yako anakulipirira ndi a kuphiri?" Anangolowa m'kati.

Tsopano ndinene chimene ndinachita, chifukwa sindine munthu wobisa. Sabata yotsatira Shafik anapita kumsika wa ng'ombe ku Chigwa cha Shire. M'filiji anasiya nyama yofewa yokhayokha, yokulungidwa, yolembedwa dzina la malo ena a kuphiri komwe kunali ukwati Loweruka. Makiyi ndinali nawo. Lachitatu m'mawa ndinauza antchito awiri kuti alowetse chipika changa. Ndinang'amba mapulasitiki onse, n'kudula nyamayo ndi chikwanje, n'kusakaniza ndi nthiti ndi mafupa monga ndinkachitira kale. Mbiri inathamanga. Mzere unafika kumsewu, ena anachokera ku Matawale. Pofika masana mbedza zonse zinali zopanda kanthu. Mayi Zuhura anagula makilo awiri, n'kunena kuti, "Eya, lero ndiye tidya ng'ombe." Sindinatenge ngakhale tambala, zonse ndinasiya m'dirowa. Tsiku limenelo mawondo sindinawamve kupweteka.

Shafik atabwera Lachinayi anatsegula filiji, n'kupeza mulibe kanthu. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangotenga makiyi a galimoto n'kuthamangira ku Blantyre kukafuna nyama ina. Anaipeza yodula, yosakwana, n'kufika nayo mochedwa. Eni malo aja anamuuza kuti asadzabweretsenso, apeza wina. M'mawa mwake ndinapeza loko wina pachitseko. Anandiuza pamaso pa antchito kuti, "Ababa, benchi ya panjayi ndi yanu. Kuseri kwa kauntala musalowenso." Antchito omwewo ndinawalemba ndine. Lero akafuna kukolopa amandiuza kuti, "Madala, tasunthani pang'ono."

Kunyumba nako ndilibe mbali. Mayi awo a anawa, Amisa, akuti, "Munamutumiza nokha kusukulu, lero mukufuna azidula ngati sanapiteko?" Uyu akulembayu nayenso akupukusa mutu, koma alembe.

Ine ndaganiza chonchi. Nyumba ya butchala ndi yanga, dzina ndi langa. Sindingalole kuti dzina limene ndinalisunga zaka zonsezi lizigulitsa mafupa kwa anthu amene ndimapemphera nawo mumzikiti umodzi, amenenso adzanyamule maliro anga. Alendo a kuphiri sadzabwera kumanda kwanga. Ndikufuna nditsitse chikwangwani, ndimuuze Shafik atulutse mafiliji ake akafune malo ena chaka chisanathe. Ndiuzeni ngati pali pamene ndikulakwa, ngakhale ine sindikuonapo. Ana onse ndawaitana, ndipo avomera. Tikumana kwathu ku Chinamwali Lamlungu pa 9 Novembala, tikatha swala, pemphero lathu la masana.

S.U., Chinamwali, Zomba

Che S.U.,

Mwati simukuona pamene mukulakwa, ndiye ndikuonetseni. Nyama imene munadula Lachitatu lija inali ndi eni ake. Munthu akanakusungitsani mbuzi ya sadaka ya bambo ake, wina n'kubwera kudzaigulitsa inu mutachoka, mukanamutcha dzina lanji, ngakhale ndalama atasiya m'dirowa? Kuphiri kuja kunalinso anthu, mkwati ndi abale ake, ndipo amene anachita manyazi pamaso pawo ndi mwana wanu. Inu munatsukidwa nkhope kwa tsiku limodzi. Iye anataya kasitomala wa chaka chonse.

Pa za mtengo wa ng'ombe, Shafik sakunama. Nyama yofewa pa ng'ombe ndi yochepa, ndipo alipo okonzeka kuigula modula. Wa butchala amene amaisakaniza ndi mafupa masiku ano amatseka msanga. Koma apa ndi pamenenso iye wagwa. Phindu la kuphiri limayenera kupepula mtengo wa pakauntala. Iye wachotsa minofu, mtengo wausiya pomwepo, dzina la mikisi walisiyanso pomwepo. Kumeneko ndi kunyenga anthu, ndipo mayi Zuhura sanalakwe kukumasulirani jumbo. Kukuletsani pamaso pa antchito nakonso kunali kupanda ulemu. Mkwiyo wanu uli ndi chifukwa. Njira imene munautulutsira ndiyo inali yoipa.

Musadikire pa 9. Sabata ino pitani kunyumba kwa Shafik, osati kubutchala, muli nokha. Mukanene kuti munalakwa kudula nyama ya eni. Mukalekezere pomwepo, osawonjezera "koma". Ndikudziwa kuti kwa bambo wa msinkhu wanu zimenezi n'zolemera kuposa mwendo wa ng'ombe, koma popanda zimenezi palibe chimene adzamve.

Mukatero mupempheni chinthu chimodzi: ng'ombe yotsatira muiyeze limodzi. Chiwalo chilichonse chikwere pasikelo inu mukuona, iye akuuzeni anaigula bwanji ndi zimene zimapita kugalimoto, kumagetsi ndi kwa antchito. Sikelo mumaidziwa kuposa iye, sangakupusitseni. Mukaona nokha, mudzadziwa chimene mungapemphe osapha butchala. Ine ndikanapempha izi. Mafupa agulitsidwe monga mafupa, pamtengo wa mafupa, zolembedwa poonekera. Pa ng'ombe iliyonse ntchafu imodzi isakwere phiri, itsale ya mikisi, kuti wogula kilo apeze mnofu. Ndipo tsiku limodzi pasabata, kaya Lachisanu anthu akamachokera kumzikiti ku mapemphero a Juma, muziima ndinu pakauntala, mukudula zimene mwagwirizana, osagwira za m'filiji. Zimene mumadziwa za mano a anthu ndi chiwerengero cha ana awo iye alibe, ndipo ngati digiri yake ndi yeniyeni adzaona kuti zimenezo n'zimene zimabweza makasitomala.

Mumufunsenso ngati angafune kuti mukwere naye kuphiri mukauze eni malo aja kuti wolakwa ndinu. Mwina eniwo sabweza mtima, koma Shafik adzakhala atamva bambo ake akumuyeretsa pamaso pa anthu. Akakana, musaumirire.

Pa 9 Novembala, ngati mwachita zimenezi, msonkhano udzakhala wolemba pangano. Nadia alembe papepala: nyumba ndi ya ndani, dzina ligwiritsidwe ntchito motani, inu mumalowa liti, makiyi asunga ndani. Munapereka butchala ndi pakamwa pokha, n'chifukwa chake aliyense wa inu akuyesa kuti ndi yake. Za loko ndi za antchito amene akukuitanani madala muzinene pamenepo, ana onse akumva, ndipo Shafik apepese. Mayi Amisa muwapatse mpata alankhule, akuoneka kuti amakudziwani nonse awiri.

Chenjezo langa ndi ili. Chikwangwani mungathe kuchitsitsa, palibe angakuletseni. Koma mawondo anu sachira chifukwa chatsika, ndipo pa ana anayi amene mwanditchulira, mmodzi yekha ndi amene anabwerera kudzagwira nyama. Mwana wotere sakalipa, mwaona kale. Mukamuthamangitsa pamaso pa abale ake sadzatsutsa, sadzagwada. Adzabwera ndi galimoto Lolemba m'mawa, n'kunyamula zake, ndipo Lachiwiri anthu a ku Chinamwali adzayamba kufunsa kumene wasamukira.

Aphungu