Mkaka Uja Sukanakupulumutsani, a Simeoni

SIMEONI NAMAKHWA (1974 – 2021)

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, a Simeoni, bambo a Yona. Ndine Lestina, mkazi wanu. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija munajambulitsa pa ukwati wa mwana wathu Violet, mutavala jekete yobwereka kwa a Yesaya, anzanu opopera nawo mankhwala m'munda wa tiyi. Ana amafuna tiike cha ku ntchito, chija mukuseka muli ndi mpope kumsana. Ndakana. Mpope umenewo ndauona mokwanira.

Pano pa malayini, nyumba za antchito a esiteti ya tiyi, anthu amakukumbukirani ndi kaluzu, kamluzu kanu kaja. Mukamaweruka, nyimbo ya Sabata inkayamba kumveka mukadali kumtunda kwa mabulugamu, kenako fungo la mankhwala, kenako inuyo. Tayamika, chitsiriza wathu, ankathamangira pakhomo akangonunkhiza, amvekere ababa afika. Zaka makumi awiri munapopera tiyi, koma simunamumwepo ngakhale kapu imodzi, poti ife a Sabata sitimwa. Alendo akadabwa munkati, “Tiyi ine ndimangomulera, sindimumwa.” Fodya simunasutepo. Mowa simunaulawepo. Munkalangiza ana kuti thupi alisamale, asaikemo zonyansa, ndipo Yona mpaka lero sadya asanasambe m'manja kawiri.

Nkhani yomwe ndakulemberani ndi ya mkaka. Tsiku lililonse lopopera, esiteti inkakupatsani botolo la mkaka, ndipo tonse tinkakhulupirira kuti mkaka umatsuka poizoni m'mimba. Inu munkapsontha kamodzi akapitawo akuona, wotsalawo n'kubisa m'thumba la ovolosi. Kunyumba munkauthira m'phala la ana. Ndinakukalipirani zaka zonsezo kuti imwani mkakawo, ndi mankhwala anu amenewo. Inu n'kumangoseka: “Mayi a Yona, ine ndi chitsulo. Poizoni akandiona amakhota. Apatseni anawa.”

Chitsulocho chinayamba ndi kachotupa m'khosi. Kenako kena m'khwapa. Munkadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta m'mwezi wa June, kuno kukuzizira chonchi. Lamba tinamuboola mabowo atsopano mpaka anasowa poboola. Ku chipatala chachikulu ku Blantyre anati ndi khansa, ndipo yafalikira kale. Tinakakuikani kwanu ku Masambanjati. Pa maliropo achemwali anu a Elizabeth analira mokweza kuti ana amwa moyo wa bambo awo m'phala. Nanenso ndinkaganiza chomwecho. Yona anamva. Kuyambira tsiku limenelo mwana uja sanalawenso mkaka, ndipo kuseka kwake kunachepa.

Chaka chatha kunabwera anthu ofufuza ochokera ku sukulu ina ya ukachenjede. Anatenga magazi a opopera, a othyola tiyi ndi a m'maofesi, n'kupalanso pang'ono m'kati mwa tsaya la aliyense. Patapita miyezi anabweranso kudzafotokoza zomwe apeza. Amasiye sanatiitane, koma ine ndinapita n'kukhala kutsogolo. Amene ankatsogolera anali mayi wachitsikana, a Linda, wolankhula mosathamanga. Anati thupi lathuli linamangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo m'selo iliyonse muli malangizo, omwe iwo amawatcha DNA, ouza seloyo nthawi yokula ndi nthawi yosiya. Mankhwala ena akalowa kudzera pakhungu kapena m'mpweya, amang'amba malangizowo. Thupi limasoka. Akang'ambanso, limasokanso, ngati mmene ndinkachitira ndi ovolosi yanu ija. Koma tsiku lina chigamba chimalakwika, selo imaiwala kusiya kukula, ndiye khansayo. Anati mwa anthu omwe anawayeza, kung'ambikako anakupeza kwambiri mwa amene apopera zaka zambiri.

Ndinaimirira n'kufunsa za mkaka. Anthu ena anaseka, koma a Linda sanaseke. Anati mkaka ndi chakudya chabwino, koma sutsuka mankhwala omwe alowa kale m'thupi, ngakhale munthu atamwa mgolo wathunthu. Ndinafunsanso ngati ndi mankhwalawo anakuphani. Anati za munthu mmodzi sangalumbire, makamaka amene sanamuyeze. Sanandinamize kuti ndisangalale, ndipo ndinawalemekeza. Koma atatchula zoteteza, magolovesi, chophimba pamphuno, mpope wosadontha, kusamba ndi kusiya zovala ku ntchito komweko, ine ndinakumbukira msana wa ovolosi yanu. Unkabwera wonyowa kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno. Tinkati ndi thukuta.

Choncho mvetserani, a Simeoni. Mkaka uja sukanakupulumutsani. Ana anu sanakumwereni moyo. Munawapatsa chakudya basi, ndipo munachita bwino. A Elizabeth, ngati mukuwerenga, mawu amenewa ndi anunso. Tsiku lomwe a Linda anandiyankha ndinakamuuza Yona. Anakhala pa khonde, mnyamata wandevu wokhala ndi mkazi ndi mwana, n'kulira ngati wa sitandade wani. Ndinkaganiza kuti tsoka lathu lathera pamenepo.

Nyumba ya pa malayini mukudziwa lamulo lake: amakhalamo ndi amene ali pa ntchito. Inu mutapita ndinayamba kuthyola tiyi kuti tisatulutsidwe. Chaka chino msana wakana dengu, mawondo akana mapiri. Akapitawo anabwera mwaulemu ndithu, n'kunena kuti pakhomo pano papezeke wina wogwira ntchito, apo ayi tipereke makiyi. Kwathu ku Khonjeni munda wa amayi tinagawana akazi anayi, ndipo wangawo ukabzala chinangwa ndiye kuti nyumba ulibe pomanga. Malo a ntchito opanda munthu anali amodzi okha, a a Yesaya. A Yesaya sakupoperanso. Ali gone kwawo, khosi litatupa mbali imodzi, ndipo jekete ija tsopano imawakwana kawiri.

Yona watenga mpope, a Simeoni. Ndinalimbana naye mpaka a nyumba yoyandikana anatuluka kudzaonerera. Ndinamuuza apite ku Goliati akayambe kabaza. Anati njinga yake iti. Ndinati bola tikagone pansi pa mtengo kusiyana n'kuti ndidzaike mwamuna ndi mwana ndi matenda amodzi. Anandiyang'ana ndi maso anu aja n'kuti, “Mtengo wake uti, amayi? Mitengo yonse kuno ndi ya esiteti.”

Zoona ndinene: chibwerereni ofufuza aja, opopera anapatsidwa magolovesi ndi zophimba pamphuno. Koma ndadutsa m'munda dzuwa la October likuswa mtengo, ndipo ndaona zophimbazo zikulendewera m'khosi mwa anyamata, cha mwana wathu chili pomwepo. Akuti munthu sungapume nacho ukukwera phiri ndi mpope wodzaza. Mkaka nawo akuperekabe. Palibe amene wauletsa, poti anthu angati esiteti yayamba nkhanza.

Lachisanu lapitali, Sabata lisanalowe, ndinamva fungo lija pakhomo. Yona analowa, n'kupisa m'thumba la ovolosi, n'kutulutsa botolo. Anapatsa mkazi wake kuti athire m'phala la Suwi, mdzukulu wanu amene simunamuone. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe ngati kale, kuti imwa mkakawo, ndi mankhwala ako. Ndinatsekanso. Inu ndinali ndi chokuuzani, ngakhale chinali chabodza. Mwanayu ndilibe chomuuza. M'mawa uliwonse ndimanamizira kumukonza kolala, zala zanga zikufufuza m'khosi mwake. Iye amadziwa chomwe ndikufuna, ndipo amangoima phee mpaka nditamaliza.

Abusa amatiphunzitsa kuti akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu. Kale mawu amenewo ankandipweteka. Tsopano ndikuti bola, gonani, musaone zimenezi. Violet akulirabe ku Khonjeni komwe anakwatiwa. Tayamika amaimba kaluzu wanu osadziwa kuti ndi wanu. Yona salankhula za inu, koma wavala majombo anu. Ine misozi inauma, chatsala ndi maso openya.

Sitidzakuiwalani, a Simeoni. Tingakuiwaleni bwanji, fungo lanu likulowa m'nyumba muno tsiku lililonse?

Mkazi wanu Lestina, ana anu Yona, Violet ndi Tayamika, ndi mdzukulu wanu Suwi.