Ulusi Udakali M'dzanja Langa

Okondedwa bambo a ana,

Poyamba mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi. Mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira, ndiye mawu ena ndawalemba momwe ndimawamvera m'khutu. Kuwonjezera apo dzanja lamanzere lili m'bandeji, pepala likungothawathawa patebulo. Nkhani ya dzanjayo ndifikapo, musayambe kudumpha mizere.

Kaya muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija munkatsokomola pafoni chinatha? Munati ndi fumbi la kuntchito koma ine sindinakhulupirire. Masiki muzivala ngakhale anzanu akusekeni, ndipo musamabwerekane makapu. Kuno tilipo. Mng'ono wanu ndi banja lake ali bwino. Denga la kukhitchini likudonthabe pamalo pomwe paja.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni simundilola kumaliza. Ndikangoti mwana wathu, inu mwayamba kale kuti ndiwapatse foni Adokotala. Komanso makoma a nyumba ino mukuwadziwa, munthu akanong'ona kuchipinda amamveka pabalaza. Dalaivala wa lole uja walonjeza kuti akupatsani m'manja.

Nkhani ndi ya mtsikana wathu wachisamba. Sali bwino, ngakhale m'thupi mwake mulibe matenda.

Mukukumbukira momwe ankatisowetsera mtendere ndi ulusi atangoyamba kuphunzira za opaleshoni? Miyendo ya mipando, chogwirira chitseko, ngakhale pa ketulo, paliponse mfundo. Ankamanga ndi dzanja limodzi uku akucheza nafe, osayang'ana n'komwe. Inu munkamuseka kuti tsiku lina tidzadzuka atatisokerera kumatiresi. Ine ndinkazidula uku ndikulalata. Lero ndimasisita miyendo ya mipando kufunafuna mfundo imodzi yokha yatsopano. Palibe.

Mliri utafika, maopaleshoni ambiri anaimitsidwa. Iye ndi anzake ophunzira anawatumiza ku wodi ya anthu obanika. Akuti kumeneko ntchito inali kutembenuza odwala, kusintha masilinda a mpweya, ndi kugwirizira foni pakhutu la munthu kuti abale ake atsanzikane naye. Ankabwera nkhope itadindika mizere ya masiki, n'kuvulira nsapato pakhonde, n'kulowa kubafa osapereka moni. Ine ndinkati ndi kutopa chabe. Ndinkangomuphitsira madzi ndi kuchapa zovala zake padera.

Kenaka anadwala aphunzitsi ake, dokotala wamkulu uja ankawatcha a Pang'onopang'ono chifukwa ndi mawu amene ankanena wophunzira akagwira singano. Anagonekedwa mu wodi yomweyo. Tsiku lina panafunika kuwaboola pakhosi kuti aikepo kapaipi kopumira. Madokotala akuluakulu ena anali akudwala, ena atatanganidwa kwina, ndiye ntchitoyo inagwera mwana wathu. Akuti anaigwira bwino, panalibe cholakwika. Koma bambowo anamwalirabe patapita masiku. Taganizani, miyezi yonseyi osagwira mpeni, n'kudzaugwira pakhosi pa munthu amene anakuphunzitsa kagwiridwe kake.

Si iye anandiuza zimenezi. Ndinazimva kwa mnzake wamtali uja amabwera panjinga yamoto, anandipeza ndikuyanika zovala. Anandiuzanso kuti chitsegulireni chipinda cha opaleshoni, mwana wathu amafika pasinki, n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono monga mwa lamulo lawo, akamaliza n'kuyambiranso. Anzake amalowa, iye adakali pampopi. Akuti si iye yekha, wina mwa iwo anasiyiratu, wina wayamba mowa. Akuluakulu amupatsa mpaka kutha kwa mwezi uno kuti anene ngati apitirize kapena ayi. Kuchipatala komweko kuli mayi wopereka uphungu, koma iye akukana kupitako, ati ampatse mpata amene akuvutikadi.

Tsopano za dzanja. Loweruka lina ndinkadula kabichi maganizo ali kwina, mpeni n'kundilowa pachikhatho. Magazi anali ambiri. Ndinamuitana, ndipo kunena zoona mumtima ndinakondwako pang'ono, ndinati lero ndisokedwa ndi mwana wanga. Anabwera ndi kabokosi kake, anatsuka bala, anavala magolovesi. Atanyamula singano anaifikitsa pabala n'kuibweza. Anaifikitsanso, n'kuibwezanso osabaya. Ndinamuuza kuti sizikupweteka, asafulumire. Kenaka pakamwa panga panatuluka mawu akuti pang'onopang'ono mwana wanga. Sindinaganize. Anaika singano m'mbale, anandimanga bandeji mothina, n'kupita kukagogoda kwa aneba kuti atiperekeze pagalimoto.

Amene anandisoka ndi namwino wa pachipatala chaching'ono chija cha kuseri kwa msika. Ndi mayi wocheza, anafunsa ngati mtsikana waima pachitsekoyo ndi wanga, nanga amagwira ntchito yanji. Ndisanatsegule pakamwa, mwana wathu anayankha yekha kuti amangokhala pakhomo.

Pobwerera anandipempha kuti ndisakuuzeni. Anati ababa anauza kale aliyense kumeneko, mpaka wometa tsitsi, kuti mwana wawo amang'amba anthu n'kuwasoka, ndiye akamva aziyenda bwanji mumsewu. Ndinalonjeza. Lonjezolo ndi lomwe ndikuphwanya panoli, ndipo akadzadziwa kaya adzandiyankhulanso.

Pempho langa ndi ili. Mukaimba foni Lamulungu, musamutche Adokotala. Musafunse kuti amaliza liti kapena wachita maopaleshoni angati. Mumuitane ndi dzina lija munkamutcha ali wamng'ono, mumufunse ngati wadya. Akakhala chete musathamangire nthabwala zanu zija, mudikire. Ndipo ngati pakamwa panu pangathe, mumuuze kuti ngakhale atasiya, pakhomo pano ndi pake ndipo inu simudzayenda chozolika. Ine ndinanena kale, koma ati amayi mukunena chifukwa cha mantha anu. Kwa inu akhoza kumva, mwinanso n'kulola kukaonana ndi mayi wauphungu uja. Za udokotala zidzaoneka m'tsogolo. Ine ndikuopa kutaya mwana akuyenda m'nyumba momwe muno.

Namwino anandiuza tsiku loti ndibwerere akachotse ulusi, ndipo tsikulo linadutsa. Mukundidziwa ine, ndimathamangira kuchipatala ndi kachiphuphu komwe. Koma sindinapite. Ndinamuuza mwana wathu kuti mzere wa kumeneko ndi wautali, ndikuopa kukatengako matenda, achotse ndi iyeyo. Akuti si ntchito yaikulu, n'kungodula ndi kukoka. Dzulo anamasula bandeji, anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, anati bala lapola bwino koma ulusi usakhalitse. Kenaka anamanganso, n'kunena kuti mawa. Pakuyabwa, ndipo ndikuopa kuti pangachite mafinya, koma ndidikira mawa lakelo.

Mulungu akusungeni kumeneko, akutchinjirizeni ku matendawa, malire akatseguka mubwere muli amoyo. Mupereke moni kwa achemwali anu ndi alamu, muwauze kuti ana asamawatume kumsika. Za m'kalata muno musawauze.

Pamene ndikumaliza kulemba, ulusi udakali m'dzanja langa, kabokosi kake kali pamwamba pa kabati, ndipo mwana wathu sanawayankhebe akuluakulu a kuchipatala aja.

Ndine mkazi wanu,
Mayi a ana anu